Kodi dokotala wopima mitembo amagwiradi wakupha?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale ku Zomba. Ndimakonda mabuku ndi mafilimu a ku America amene dokotala wopima mitembo amafufuza yekha mlandu wakupha mpaka wolakwa kugwidwa. Akangoyang'ana mtembo amatchuliratu ola limene munthu wamwalira, ndipo mawa lake zotsatira za DNA zatuluka kale. Kodi zimenezi zimathekadi? Ndikufunsa chifukwa ndayamba kulemba buku langa m'Chichewa, ndipo mpangankhani wamkulu ndi dokotala wotereyu.

Yankho: Zikomo aphunzitsi, ndipo ndakondwa kumva kuti mwayamba kulemba. Mabuku amenewa nanenso ndimawerenga, ndipo ntchito imene amaikambayo ndaigwirako, kuyambira m'nyumba ya chisoni mpaka kukaima ngati mboni kukhoti. Ndikuyankhani ngati munthu amene zonse ziwiri zili pamtima pake.

Dokotala wopima mitembo sagwira munthu. Alibe unyolo, sayenda ndi mfuti, ndipo woganiziridwa mlandu amakamuonera kukhoti, ngati n'komwe angamuone. Iye amalandira thupi ndi mafunso anayi. Wagona apayu ndi ndani? Wamwalira liti? Chamupha n'chiyani? Nanga imfayo yabwera bwanji: ndi matenda, ndi ngozi, wadzipha yekha, kapena pali dzanja la munthu wina? Funso loti wamupha ndani si lake, ndi la apolisi ndi bwalo la milandu. Zothamangitsana ndi chigawenga usiku, zolowa yekha m'nyumba ya wakupha, ndi zokometsera za olemba. Koma musagwe nazo mphwayi. Ine ndimakhulupirira kuti nkhani yogwira mtima ili m'mafunso anayi omwewo, makamaka pamene dokotala wapeza yankho limene amoyo sakufuna kulimva.

Ntchitoyi ndi yakale kwambiri. M'chaka cha 1247 ku China, woweruza wina dzina lake Song Ci analemba buku lolangiza akuluakulu a boma kapimidwe ka mitembo, pofuna kuti munthu wosalakwa asamafere za eni. M'bukumo muli nkhani ina imene sindiiwala. Munthu anapezeka ataphedwa m'mbali mwa njira, thupi lili ndi mabala a chikwakwa. Wofufuza analamula anthu a m'deralo kuti abweretse zikwakwa zawo, n'kuzindanditsa pansi. Kunja kunali kotentha. Zonse zinkaoneka zoyera, koma posakhalitsa ntchentche zinaunjirira chikwakwa chimodzi chokha, zinazo osazilabadira. Mwini wake anali atachipukuta, koma fungo la magazi limene mphuno ya munthu sikanalimva, ntchentche zinalimva. Anavomera mlandu. Onani kuti panalibe makina aliwonse apa. Panali munthu wodziwa khalidwe la ntchentche basi. Wolemba amene nkhani yake ikuchitikira kumudzi aigwire bwino mfundo imeneyi.

Pali chifukwa chimene mabuku ambiri amtunduwu amachokera ku America. Ku England, kuyambira 1194, kunali udindo wa coroner, munthu wa mfumu wofufuza imfa zokayikitsa. Sanali dokotala, ndipo poyamba chimene ankalondola kwenikweni chinali chuma chimene mfumu inkayenera kutenga pa imfa zoterozo. Udindowu unawoloka nyanja ndi atsamunda, moti m'madera ambiri a ku America mpaka lero coroner amachita kuvoteredwa, ngakhale asanaphunzire zachipatala. Kusakhutira ndi zimenezi ndiko kunabala udindo wa medical examiner, dokotala wokhala ndi ofesi yakeyake. Ku Massachusetts anayamba mu 1877, ndipo mumzinda wa New York mu 1918, pamene Charles Norris anakhala woyamba paudindowo. Dokotala wotereyu ali ndi mphamvu yotenga thupi n'kukalipima imfa ikakhala yokayikitsa, ali ndi antchito ake amene amapita pamalo pamene papezeka mtembo, ndipo ndi iye amene amalemba pachikalata cha imfa kuti uyu wachita kuphedwa kapena ayi. Wolemba wa kumeneko akamamuwonjezera zochita dokotala wake, amakhala ali ndi poyambira. Kwathu kuno dokotala amapima thupi apolisi akapempha, lipoti n'kubwerera kwa iwo, ndipo poti akatswiri enieni a ntchitoyi ndi owerengeka, m'zipatala za m'maboma kawirikawiri amene amaigwira ndi ma clinical officer. Mukamusamutsa dokotala wa ku America ndi mphamvu zake zonse n'kumuika ku Zomba, owerenga adzamva kuti ndi mlendo.

Olemba amene anatchuka ndi nkhani zoterezi ambiri anali anthu oti fungo la ntchitoyo analimvapo. Arthur Conan Doyle anali dokotala, ndipo Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'mabuku ake amene anatulukira mu 1887, anamuumba potengera mphunzitsi wake wa ku Edinburgh, Joseph Bell, yemwe ankatha kudziwa ntchito ya wodwala pongoona manja ndi mayendedwe ake. R. Austin Freeman, dokotala amene anagwirapo ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, anabweretsa Dr Thorndyke mu 1907, mpangankhani amene anali dokotala komanso loya. Freeman yemweyo anayambitsa kalembedwe kotembenuza nkhani: wowerenga amaona wakupha patsamba loyamba, ndipo chimene chimamukoka mtima ndi kuona m'mene agwidwire. Njira imeneyo ingakuthandizeni kwambiri. Patricia Cornwell, amene anatchukitsa mtundu wa mabuku mukuwerengawu ndi mpangankhani wake Dr Kay Scarpetta mu 1990, si dokotala, koma anali mtolankhani wolemba za milandu ndipo anagwira ntchito zaka 6 mu ofesi ya dokotala wamkulu wopima mitembo ku Virginia. Kathy Reichs, amene buku lake loyamba linatuluka mu 1997, ndi katswiri wa mafupa a anthu amene ankapima mafupa enieni ku Montreal.

Tiyeni tsopano tilowe m'chipinda chopimiramo, tione za ola la imfa, poti apa ndi pamene mafilimu amanamiza anthu kwambiri.

Thupi la munthu wamoyo limatentha madigiri 37. Akamwalira limayamba kuzizira, ndipo mabuku ophunzitsira amati limatsika pafupifupi digiri imodzi pa ola. Koma mabukuwo analembedwa m'mayiko ozizira. Ngakhale komweko, maola oyambirira kutentha sikutsika kwenikweni, ndipo munthu wonenepa, wofunda bulangete, amazizira mochedwa kusiyana ndi wowonda amene wagona pasimenti. Nanga ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, kunja kukafika madigiri 40, thupilo lizizira bwanji? Kutentha kwake kulibe kopita. Dokotala wanu akatulutsa choyezera kutentha kumeneko n'kutchula ola, wanama.

Chachiwiri ndi kuuma kwa thupi. Kumayamba pakatha maola 2 mpaka 6, kumayambira m'zikope, nsagwada ndi khosi, n'kufalikira m'manja ndi m'miyendo. Pakatha maola ngati 12 thupi lonse lauma gwa, ndipo pakapita tsiku limodzi ndi theka kapena masiku awiri limafewanso. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Munthu amene anamwalira akuthamanga, akugwa khunyu kapena thupi litatentha ndi malungo amauma msanga. Chimene kuumaku kumanena bwino si ola ayi, koma ngati thupi lasunthidwa. Mukapeza munthu wagona chagada koma mkono uli m'mwamba, wouma, wosatsamira pa chilichonse, dziwani kuti anaumira pena pamene mkonowo unali ndi potsamira.

Chachitatu ndi magazi. Mtima ukaima magazi amatsetserekera kunsi, monga madzi amachitira, n'kudetsa khungu la mbali imene yagona pansi. Maola oyambirira mukadina ndi chala pamayera, koma pakatha maola 8 mpaka 12 mtunduwo umakhazikika. Ndiye munthu akapezeka atagona chafufumimba koma magazi anakhazikika kumsana, wina anamutembenuza kapena anamunyamula. Apa pali chinthu chimene mabuku a kunja sangakuuzeni, chifukwa amafotokoza khungu la azungu. Pakhungu lakuda zizindikiro zimenezi sizioneka msanga, ngakhalenso mikwingwirima ya kumenyedwa imabisala. Munthu akhoza kumenyedwa kwambiri kumsana, kumatako kapena kumapazi, kunja osaoneka kanthu. Dokotala wosamala amacheka khungu m'malo amenewo kuti aone ngati magazi anaundana kunsi kwake. Wofulumira amalemba kuti palibe bala. Pakati pa madokotala awiri amenewa pali buku lonse lathunthu.

Choncho dokotala woona mtima sanena kuti wamwalira 11 koloko usiku. Amati pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, ndipo amadziwa kuti umboni wa mayi wogulitsa mandazi amene anamuona malemuyo akudutsa, kapena foni imene anaimba komaliza, ungachepetse mpatawo kuposa mpeni wake. Masiku akapita, zizindikiro zitatu zija zimatha ntchito. Mimba imayamba kubiriwira chakumanja kunsi kwa mchombo, thupi limatupa, ndipo amene amasunga nthawi tsopano ndi ntchentche zija. Zimafika pakangopita mphindi zochepa, zimaikira mazira m'maso, m'mphuno, m'kamwa ndi m'mabala, mazirawo n'kuswa mphutsi pasanathe tsiku limodzi kukakhala kotentha. Kukula kwa mphutsi ndiko kumasonyeza masiku amene apita. Ndipo mphutsi zikaunjikana pamalo poti sipali chibowo chachibadwa, monga pachikhatho kapena pachifuwa, dokotala amakayikira kuti pamenepo panali bala. Katswiri wina wa ku Berlin wa zaka za m'ma 1800, Johann Ludwig Casper, anasiya lamulo losavuta kukumbukira: m'mene thupi lingawolere sabata imodzi pamtetete ndi m'mene lingawolere masabata awiri m'madzi kapena masabata 8 m'manda.

Akuluakulu amati mlandu suwola. N'zoona, koma umboni umene uli pathupi umawola, ndipo kuno kotentha umawola msanga. Kwa inu wolemba, imeneyi ndi mphatso. Simufunika bomba loti liphulika pakatha ola kuti wowerenga agunde mtima. Magetsi azima ndipo firiji ya kumochale yasiya kuzizira. Wapolisi amene ayenera kubweretsa kalata yopempha kupima alibe galimoto. Panja anamfedwa afika kale ndi lole ndi bokosi, kumudzi adzukulu amaliza kukumba, ndipo mwini mbumba akufunsa kuti mukumuzunziranji munthu woti wapita kale. Ngati malemuyo ndi Msilamu, abale akufuna kuika maliro tsiku lomwelo monga chipembedzo chimanenera. Palibe wolakwa pa anthu onsewa, koma ola lililonse limene likudutsa likufufuta zimene thupi likananena.

Za mabala ndingakambe mpaka kucha, koma nditchule zochepa zimene zingakuthandizeni. Bala la mpeni limakhala losalala m'mbali. Bala la chibonga, mwala kapena mpini limang'ambika, ndipo mukayang'anitsitsa mkati mwake mumaona timitsempha ndi timinofu tosaduka tikulumikiza mbali ziwirizo ngati ulusi, pomwe mpeni ukanadula zonse. Pamutu, pamene khungu lagona pafupa, bala la chibonga likhoza kuoneka ngati la chikwanje kwa munthu wosazolowera. Munthu amene akuukiridwa amadzitchinjiriza, ndiye mabala amapezeka m'zikhatho ndi kunja kwa mikono. Mutu ukamenyedwa uli chiimire, ubongo umavulala kwambiri pansi pa pomwe pamenyedwapo, koma munthu akagwa n'kumenyetsa nkhongo pansi, kawirikawiri ubongo umavulala kutsogolo, mbali yoyang'anana ndi pamene wagundapo. Wodzimangirira, chingwe chimasiya mzere wokwera chakumwamba kulunjika kumene kuli mfundo. Wopotoledwa ndi chingwe ndi munthu wina, mzerewo kawirikawiri umazungulira khosi mopingasa, chakunsi. Munthu wopezeka m'nyumba yopsa, dokotala amatsegula kholingo: mukakhala mwaye ndiye kuti ankapuma pamene moto unkayaka, mukakhala moyera ndiye kuti pafunika kufunsa ngati motowo sunayatsidwe pobisa imfa imene inachitika kale. Mwaona kuti ndikubwereza mawu oti kawirikawiri. Ndikuchitira dala. Palibe chizindikiro chimodzi chimene chimagamula mlandu pachokha.

Ndikuuzeni za tsiku lina limene limandibwererabe m'maganizo. Munali mu Juni, kukuzizira, pachipatala china chimene ndinkagwirako ntchito. Anabweretsa bambo wazaka za m'ma 40 amene anapezeka atamwalira m'chipinda chake m'mawa. Abale anali atagamula kale kuti mkazi wake wamuthirira tameki m'chakudya, poti anali atakangana dzulo lake ndipo mayiyo anakagona kwa mchemwali wake. Mayiyo anakhala payekha pansi pa mtengo, chitenje kumutu, palibe womuyandikira. Thupi linalibe bala. Ana a maso sanali ang'ono ngati kansonga ka singano, ndipo kukamwa kunalibe thovu lochuluka limene timaliona pa mankhwala otere. Koma zikhadabo ndi mkati mwa milomo zinali zofiira mowala, ndipo nditatsegula, magazi ndi minofu zinali zofiira ngati phwetekere wakupsa, pomwe magazi a munthu womwalira amakhala oderako. Ndinatuluka n'kufunsa wapolisi kuti m'chipindamo anaonamo chiyani. Anaganiza kaye, n'kunena kuti pafupi ndi mphasa panali mbaula yodzaza phulusa, ndipo pawindo anatsekapo ndi chiguduli. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kuwirikiza koposa 200, munthu n'kungogona osadzukanso. Ndinatengabe magazi ndi za m'mimba kuti zikayezedwe, chifukwa maso okha sakwanira. Koma ndinaitana malume a malemuyo, ndinawaonetsa mtundu wa magaziwo, n'kuwafotokozera. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatuluka, n'kupita pansi pa mtengo paja, n'kukhala pansi pafupi ndi mlamu wawo uja. Tsiku limenelo palibe amene anagwidwa, koma sindikumbukira tsiku lina limene ntchito yanga inali ndi phindu kuposa limeneli.

Ndanena izi kuti mudziwe kuti mitembo yambiri imene imafika patebulo si ya anthu ophedwa. Ndi matenda a mtima, chibayo, magazi otayikira mu ubongo, mimba yokhala kunja kwa chiberekero imene yaphulika, ngozi za pamsewu. Pakati pathu imfa yadzidzidzi imafunafuna mwini wake, ndipo chala chimaloza mkazi wamasiye, mnzake wa pamowa, kapena agogo amene akuwanena ufiti. Dokotala wa m'buku la Chichewa ali ndi ntchito imene anzake a m'mabuku a ku America alibe kwenikweni, yopulumutsa wamoyo ku mlandu umene kulibe.

Za DNA. Njira yozindikira munthu ndi DNA anaitulukira Alec Jeffreys ku yunivesite ya Leicester ku England mu 1984. Mlandu woyamba wakupha umene inagwirapo ntchito unali wa atsikana awiri ophedwa m'midzi yoyandikana ndi mzindawo, ndipo choyamba chimene inachita, mu 1986, chinali kumasula mnyamata wazaka 17 amene anali atavomera kwa apolisi mlandu woti sanapalamule. Wolakwa weniweni, Colin Pitchfork, anaweruzidwa mu 1988, apolisi atayeza amuna pafupifupi 5,000. Zotsatira zotuluka mawa lake ndi za m'filimu. Ngakhale m'mayiko olemera zimatenga masabata, nthawi zina miyezi, chifukwa cha mzere wa milandu kulabotale, ndipo kuyeza poizoni nakonso n'chimodzimodzi. DNA imanena kuti magazi awa ndi a uje, koma sinena kuti anafika liti pamenepo kapena anafika bwanji. Ndipo kabotolo kalikonse kayenera kumatidwa, kulembedwa, ndi kusainidwa ndi aliyense amene kadutsa m'manja mwake. Pakasowa siginecha imodzi, loya wa woimbidwa mlandu amangofunsa kuti kabotoloka kanagona kuti Lachitatu usiku, umboni wonse n'kugwa. M'buku lanu kabotolo kamene kakuyenda pa minibasi m'chikwama cha wapolisi kangasunge wowerenga mitu itatu.

Chimene ndimadana nacho kwambiri m'mabuku ena ndi dokotala wosalakwitsa. Ndimadana nacho chifukwa anthu amachitengera kukhoti, n'kumakhulupirira chilichonse chimene wavala gawuni yoyera wanena. Ku England mu 1999, mayi wina loya, Sally Clark, anamangidwa pa mlandu wopha ana ake awiri akhanda. Mu 2003 khoti la apilo linamumasula zitadziwika kuti zotsatira za kulabotale, zosonyeza kuti m'thupi la mwana wachiwiri munali tizilombo toyambitsa matenda oopsa, dokotala wopima mtembo sanazipereke kwa maloya ndi kukhoti. Mayiyo anakhala m'ndende zaka zoposa zitatu, ndipo anamwalira mu 2007 asanapezenso mtendere. Dokotala wanu aziloledwa kunena kuti sindikudziwa. Pali imfa zina zoti ngakhale mutapima bwanji, polemba chifukwa mumalemba kuti sichikudziwika, ndipo kulemba mawu amenewo pamene apolisi, abale ndi atolankhani akufuna yankho kumafuna mtima wolimba.

Apa ndiye ndafika pamene ndikuona kuti pali mtima wa nkhani yanu. Mdani wamkulu wa dokotala wopima mitembo si wakupha wobisala mumdima ayi, koma munthu waulemu wake amene akufuna kuti lipoti linene zina. Steve Biko, womenyera ufulu wa anthu akuda ku South Africa, anamwalira pa 12 Sepitembala 1977 ku Pretoria, apolisi atamunyamula ali maliseche kumbuyo kwa galimoto ulendo wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Port Elizabeth. Nduna ya zachilungamo, Jimmy Kruger, inauza dziko kuti wafa chifukwa chokana kudya. Kupima thupi kunasonyeza kuti anavulala kwambiri mu ubongo, ndipo banja lake linali ndi dokotala wawo, Jonathan Gluckman, pamene thupilo linkapimidwa. Koma Biko ali moyo m'manja mwa apolisi, dokotala wa boma, Ivor Lang, anali atasaina chikalata chonena kuti sanapeze vuto lililonse pa iye. Woweruza anagamula kuti palibe wolakwa, ndipo panatenga mpaka 1985 kuti bungwe la madokotala m'dzikolo lipeze Lang ndi mnzake Benjamin Tucker olakwa pa ntchito yawo. M'nkhani imodzi yomweyo muli dokotala amene anagonja ndi dokotala amene anaima nji.

Kwathu kuno nafenso tinaziona. Pa 24 Sepitembala 2011, Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic ku Blantyre, anapezeka atamwalira pasukulupo. Apolisi ananena kuti wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja. Dr Charles Dzamalala atapima thupi anapeza kuti mabala a m'mutu anali ogwirizana ndi kumenyedwa ndi chinthu chosathwa, osati kugwa kuchokera pamwamba, ndipo komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012, motsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda, inapeza kuti anachita kuphedwa. Dokotalayo sanathamangitse munthu aliyense. Analemba zimene anaona, n'kusaina. Sindikunena kuti mulembe za imfa imeneyi, poti abale ake alipo ndipo chilonda chawo si chosewera nacho. Ndikungokuonetsani pamene mphamvu ya munthu wotereyu yagona.

Ndiye mukamamuumba dokotala wanu, musiyeni m'chipinda chake ndipo mumupatse mnzake wapolisi wa CID woti aziyenda m'midzi ndi m'malo omwera mowa. Awiriwo azikangana, poti wina akufuna dzina la munthu lero pomwe wina akuti thupi silinanene zimenezo. Mupatseninso wothandizira wa kumochale, bambo wachikulire amene wasambitsa ndi kusoka mitembo zaka zambiri. Anthu amenewa amaona zinthu zimene dokotala wachinyamata amaziphonya, ndipo ndi iwo amene amadziwa kuyankhula ndi anamfedwa. Ine zambiri ndinaphunzira kwa munthu wotere. Musaiwale mantha amene anthu ali nawo oti kuchipatala amachotsa ziwalo. Mantha amenewa dokotala wabwino sawanyoza, amalola wachibale mmodzi kuti aone thupi asanayambe ndi atamaliza, n'kumuuza chilichonse chimene watenga ndi chifukwa chake.

Samalaninso chiyankhulo. M'lipoti dokotala amalemba mosapsatira, koma akatuluka panja sanena kuti mtembo wanu, amati malemu, amati bambo athuwa, amati atisiya. Buku limene lidzasunge kusiyana kwa ziyankhulo ziwirizi m'kamwa mwa munthu mmodzi lidzamveka lathu. Ndipo pofotokoza za patebulo musachulutse zonyansa pofuna kudzidzimutsa wowerenga. Chinthu chimodzi chooneka bwino chimakwana: tikiti ya basi m'thumba la malaya, dothi lofiira m'zikhadabo za munthu wopezeka kudambo la dothi lakuda, nsima yosagayika m'mimba mwa munthu amene mkazi wake akuti sanadye kunyumba usiku umenewo.

Musanapitirire mutu wachiwiri, pezani tsiku limene Khoti Lalikulu likuzenga mlandu wakupha. Milandu yotere imazengedwa poyera, ndipo ku Zomba komweko khotili lilipo. Khalani kumbuyo ndi kope lanu, mudikire nthawi imene dokotala aitanidwe. Adzawerenga lipoti lake, woimira boma adzamufunsa mofatsa, kenako adzaimirira loya wa woimbidwa mlandu n'kufunsa kuti, "Adokotala, kodi bala limeneli silingabwere munthu atagwa yekha n'kumenyetsa mutu pamwala?" Muyang'anitsitse nkhope ya dokotalayo pa kanthawi kamene adzakhale chete asanayankhe, muonenso kumene maso a mayi ake a malemu ndi a mayi ake a woimbidwa mlandu adzakhale atayang'ana.